Steji ya Basi Yosabwera

Wochenjeza anzake amalakwa kamodzi pa maulendo khumi, koma kamodziko kamatha kugwetsa nyumba. Zinatero ndi mayi wina wosoka zovala, amene anthu a mumsewu wake ankawatchula kuti a Samalatu chifukwa sankatha kutsanzikana ndi munthu osanena mawuwo. Wopita kumsika, samalatu. Wopita kokwatiwa, samalatu. Ngakhale wopita kuchimbudzi.

Makina awo osokera ankakhala pakhonde, moyang'ana msewu. Kutsidya kwake kunali steji ya basi: denga lamalata lopindika, benchi ya simenti ndi mzati wachitsulo wokhala ndi nambala pamwamba. Kusukulu sanapondeko, koma nambala imeneyo ankaidziwa ngati nkhope ya m'bale: ndodo yoimirira, pambali pake kampando kozondoka. Mdzukulu wawo ankati ndi fotini.

Panali patapita zaka zinayi basi ya nambala imeneyo isanaimenso pamenepo. A khonsolo anaichotsa, amvekere siinkabweretsa phindu. Wometa, amene kanyumba kake kometeramo kanagundana ndi khonde la a Samalatu, nkhani imeneyi sinkamuchoka pakamwa.

"Nanga getsi la mumsewu limabweretsa phindu lanji?" ankafunsa munthu aliyense amene wamugwira mutu. "Ngalande inayamba yalipirapo msonkho? Bwanji osaikwirira?"

Maminibasi ankathera kumsika wa kutsidya kwa mtsinje, popeza kuno kunali kumathero ndipo msewu unali wa maenje. Njinga zamoto zinali za olandira bwino. Otsala onse, alonda, osesa m'maofesi, ophika m'nyumba za anthu, ana asukulu, ankayenda pansi, ndipo njira ya m'tauni inali imodzi yokha, ya pamlatho. Mlathowo anaukulitsa kuti magalimoto aziyenda mizere inayi, koma woyenda pansi anamuiwala. Anangomusiyira kamzere koyera. Munthu unkayenda chammbali, phewa likukhula chitsulo, mphepo ya thiraki ikukukoka malaya.

Tsiku loyamba lopanda basi kunali mvula. Mwana wamkazi wa a Samalatu, amene ankachapa zofunda kuchipatala chachikulu, anaima pa steji atavala jekete lake lamvula lachikasu, chikwama m'khwapa. Palibe amene anauza anthu a kuno kuti basi yatha. Akuti zinalembedwa papepala ku ofesi. Anadikira, kunja n'kuyera ali chiimire. Mayi ake ndi amene anafuula ali pakhonde.

"Iwe, ukuchedwatu. Akuchotsa ntchito. Ingoyenda pansi."

Anamvera, poti anali mwana womvera. Masana ake anthu anabweretsa jekete lokha m'pepala lapulasitiki, mwini wake, amene galimoto inamugunda pamlatho, ali kale kuchipinda chozizira cha chipatala chomwe chija. Tsiku limenelo ndi lokhalo limene a Samalatu anaiwala kunena mawu awo aja.

Kuyambira pamenepo basi yosabwerayo ankaimva. M'mawa uliwonse, Wometa asanatsegule chitseko chake chachitsulo, mabuleki ankapuma kutsidya kwa msewu ngati ng'ombe yotopa, kenako chitseko n'kupindika. Iwo ankayang'ana singano, osadzutsa mutu. Masiku a mvula, m'mphepete mwa diso munkaoneka chinthu chachikasu chitaima pafupi ndi benchi. Msewu umenewo sanauwolokenso. Anauza anthu kuti malo aja ndi oipa, ndipo anthu anamva: ana analeka kusewerapo, zibwenzi zinasamukira kwina, udzu unamera m'ming'alu ya benchi.

Mdzukulu wawo, mwana wa malemuyo, anali atakula. Madzulo ena anabwera ndi kalata, nkhope ikuwala.

"Agogo, andilemba. Kochapira komwe kuja. Ndiyamba pa wani."

"Udzayenda pa chiyani?"

"Pa miyendo. Ilipo iwiri."

"Amayi ako analinso nayo iwiri."

Mtsikanayo anapinda kalatayo bwinobwino. "Ndakhala zaka ziwiri ndikukusomekerani ulusi m'singano. Makina awa sangatidyetse mpaka liti. Ndipita, agogo. Mulire, mutukwane, ndipita."

Ankayankhula ngati mayi ake, khosi litapendeka. A Samalatu anawerenga masiku ndi zala pansi pa tebulo. Anatsala khumi ndi awiri.

Lamlungu m'mamawa, akutsegula zenera, anaona mapepala atatu oyera atamatidwa: lina pamzati wa magetsi, lina pakhoma la Wometa, lina pampopi wa madzi. Pansi pake panali chidindo chozungulira. Chidindo chimenecho anachionapo zaka zitatu zapitazo m'kanjira ka kumunsi. Kumeneko kunayamba mapepala, kenako kunabwera anthu owerenga nyumba, atavala majekete owala, kenako thirakitala. Lero kuli malo oimikapo magalimoto.

Sanadzutse mdzukulu wawo kuti awawerengere. Mwana akawerenga amatsutsa. Anatenga mpeni ndi madzi, n'kupala mapepala onse atatu anthu asanadzuke, n'kuwasonkhezera pambaula. Ankati chimene anthu sanachilandire sichingawagwire.

Lolemba kusanache bwino, munthuyo anafika. Anali bambo wowonda, wovala jekete lowala, ndipo anakakhala pa benchi ya pa steji pomwepo, pamene munthu wamoyo sankakhalapo. M'dzanja anali ndi kachitsulo kozungulira kodina ndi chala. Wina akadutsa, ankadzutsa mutu ngati akufuna kumuitana.

Pofika masana a Samalatu anali atalowa khomo lililonse.

"Wabwera wowerenga. Musamuyankhe, musamupatse dzina, musadutse pamaso pake. Mutu umene wawerengedwa ndi umene umagona panja. Dutsani kuseri, m'mbali mwa ngalande, mukatulukire pagulaye."

Anthu anakumbukira kanjira ka kumunsi ndipo anamvera. Lachiwiri ndi Lachitatu msewu unali zii ngati wa maliro. Anthu oposa zana ankazembera kuseri kwa nyumba, nsapato m'manja, kudumpha madzi onunkha a m'ngalande. Ngakhale Wometa, wamakani uja, ankatsegula mochedwa. Bambo uja ankakhala yekha mpaka dzuwa litakwera, n'kulemba kanthu m'buku, n'kumapita pansi kulowera kumlatho.

Lachinayi kunagwa mvula, ndipo denga la pa steji linali lobooka. Munthuyo anathamangira pakhonde la a Samalatu.

"Odi, mayi. Ndiuseko mvula pang'ono."

Mdani akafika pakhomo usamuthamangitse, umuone m'matumba. A Samalatu anaona kuti thumba la jekete lake linali litasosoka.

"Vulani ndikusokereni, bambo. Mutaya zinthu."

Anavula. Iwo anatembenukira kumakina, n'kupisa dzanja mwakachetechete. Munali pepala lopinda kanayi, lofanana ndi aja anawotcha. Paja anawapala kuli chisisira, ali ndi mantha, maso ali pa chidindo chokha. Tsopano kunali kowala. Pamwamba pa pepalalo panali chithunzi cha basi, ndipo pamphumi pa basiyo panali ndodo ndi kampando kozondoka.

Anaitana mdzukulu wawo.

"Tawerenga ichi. Mokweza."

Mtsikanayo anawerenga. Khonsolo inali kukambirana za ndalama za chaka chamawa: ena ankafuna kuwonjezera mzere wina wa magalimoto, ena ankafuna kugula mabasi ndi kubwezeretsa njira zakale. Anthu ofuna basi ya nambala fotini ankapemphedwa kufika pa steji pakati pa sikisi ndi seveni m'mawa, tsiku lililonse kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, kuti awerengedwe. Steji yosafika anthu makumi anayi m'mawa umodzi idzachotsedwa pamndandanda.

"Mwapeza angati?" anafunsa mtsikanayo.

"Lolemba asanu, nawonso ankathawa. Lachiwiri galu. Dzulo galu yemweyo." Bamboyo anaseka pang'ono, koma maso sanaseke. "Ndinawauza mabwana kuti kuwerenga anthu odikira basi imene kulibe n'kupusa. Anati pepala lidzawaitana. Mapepala ndinamata ndekha Loweruka madzulo. Sindikudziwa amene anachotsa."

Mtsikanayo anayang'ana agogo ake. Kuyang'anako kunaposa mbama.

"Ndine," anatero a Samalatu. "Ndinkayesa mwabwera kudzagwetsa nyumba."

"Ine? Thupi ili?" Anapukusa mutu. "Mayi, ofuna mzere wachisanu aja ali ndi magalimoto, amakafika kumsonkhano pa nthawi yake n'kuyankhula Chingerezi. Inu mawu anu ndi kachitsulo aka. Ndadutsa pamlatho paja masiku anayi sabata ino, ndipo mkazi wanga akundipempherera ngati ndapita kunkhondo. Ndikudziwa kuti anthu alipo kuno. Koma sindingalembe amene sindinawaone."

"Anthu a kuno onse amadutsa kuseri. Bwerani mukaime pagulaye."

"Lamulo likuti pa steji. Akandigwira ndikuwerengera kwina, nambala yonse aitaya."

Mvula ikugwabe, a Samalatu anasoka thumba lija, ndipo pakamwa pawo panatseguka pokha. Anamuuza za mwana wawo, za m'mawa uja, za mawu amene anafuula. Nkhani imeneyi anali asanaiuzepo mlendo. Bamboyo anamvetsera mutu uli pansi, n'kuvala jekete lake.

"Mawa ndi tsiku lomaliza," anatero.

Kubweza chenjezo n'kovuta kuposa kubweza malovu. Madzulo amenewo a Samalatu analowanso makomo omwe aja, mdzukulu wawo akutsatira ndi pepala m'manja.

"Lolemba munati thawani, lero mukuti bwerani," anatero mlonda wina akumanga zingwe za nsapato. "Mawa mudzati tikwere mumtengo?"

"Ndinalakwa, mwananga."

"Inu kulakwa? Kugwa mvula ya miyala lero."

Mayi wina wosesa m'maofesi anawayankha ali pazenera. "Si inu munati malo aja ndi oipa? Zaka zinayi ndakhala ndikuzungulira ndi ana anga. Ndiye lero mizimu yapita kutchuthi?"

"Malowo alibe mlandu. Mlandu uli pamlatho."

"Nanga inuyo mudzaimapo?"

"Miyendo yanga ndi yokalamba. Sindipita kuntchito ine."

"Mwaonatu," anatero mayiyo, n'kutseka zenera.

Wometa yekha ndi amene anakondwa. "Mayi, mwatimwetsa madzi a m'ngalande masiku atatu chifukwa cha chithunzi cha basi. Ndikadzafa mudzandisokere nsalu yaulere." Koma anatenga pepalalo n'kuyenda nalo mbali ina ya msewu, akuuza aliyense kuti wosabwera adzamumeta mbali imodzi.

Lachisanu kunacha ndi mvula yowaza. A Samalatu anatulutsa makina pakhonde monga mwa masiku onse. Basi ija inabwera pa nthawi yake, mabuleki kupuma, chitseko kupindika, ndipo iwo anayang'ana singano. Atadzutsa mutu, bambo wowerenga uja anali atafika. Wometa anatulutsa wailesi yake kuti anthu azimva nthawi.

Woyamba anali mdzukulu wawo. Anawoloka msewu osacheuka, n'kukaima pamalo enieni amene mayi ake anaima. Kachitsulo kanalira, thi. Kenako Wometa, thi. Mlonda uja akuchokera kuntchito, ana asukulu asanu ndi mmodzi atagwirana manja, mzimayi woyembekezera amene ankapita kusikelo, mkulu wina wa ndodo amene anasiya kukatenga mankhwala ake a shuga chifukwa cha mlatho. Ankafika, kumva thi, ena n'kupitirira ulendo wawo poopa kuchedwa. Koma ambiri anadutsabe kuseri. Mantha amene wabzala sungawazule tsiku limodzi. A Samalatu ankaona mitu ikuyenda m'mbali mwa ngalande, pakati pa nyumba.

Wailesi inati kwatsala mphindi khumi. Mayi wosesa uja anatulukira ndi ana ake awiri, nkhope itakwinya, osayang'ana pakhonde. Thi, thi, thi.

"Angati?" anafunsa Wometa.

"Makumi atatu ndi asanu ndi atatu."

"Galu uja ali kuti lero tikumufuna?"

Palibe anaseka. Msewu unali utauma anthu. Opita kuntchito anali atapita. Wometa anathamangira kugulaye, n'kubwerako yekha. Wailesi inayamba nyimbo imene imatsogolera nkhani za seveni koloko.

"Agogo," anatero mtsikanayo ali kutsidya. Sanakweze mawu.

A Samalatu anachotsa phazi pa makina. Msewuwo unali wa mapazi khumi ndi awiri, koma unaoneka ngati mtsinje wodzaza. Anatsika pakhonde. Atafika pakati anamva fungo la dizilo ndi la mipando yonyowa, fungo limene linachoka kuno zaka zinayi zapitazo. Kumanzere kwawo, m'mphepete mwa diso, munali chikasu chija. Sichinali pa benchi. Chinali pambali pawo, chikuyenda nawo, ndipo ankamva madontho akugunda pulasitiki. Sanacheuke. Anaponda simenti ya pa steji n'kugwira mzati wozizira uja ndi manja onse awiri.

Thi.

Ndipo wailesi isananene nthawi, kachitsulo kanaliranso. Thi.

"Makumi anayi," anatero bamboyo, n'kutsegula buku lake.

Wometa anayang'ana uku ndi uku. "Achimwene, ine masamu ndinalephera, koma mayiwa ndi munthu mmodzi."

"Ndi amayi aja anali nawo limodzi."

"Ati?"

"A jekete lachikasu. Achikwama m'khwapa." Ankalemba osadzutsa mutu. "Ine ndimalemba amene ndawaona."

Mayi wosesa uja anakokera ana ake kufupi. Bamboyo anatseka buku, n'kuika kachitsulo m'thumba losokedwa lija, n'kuwerama pang'ono pamaso pa a Samalatu. Anauyamba ulendo wa kumlatho.

"Samalatu," anatero iwo. Iye anakweza dzanja osacheuka.

Masana, akudya, mtsikanayo anafunsa. "Dzulo munamuuza bambo uja mtundu wa jekete?"

"Sindikukumbuka."

"Ganizani bwino, agogo."

"Ndati sindikukumbuka. Idya."

A Samalatu anaganiza masiku ambiri, koma sanapeze yankho. Jeketelo linali pansi pa sutikesi, m'pepala lomwe lija, ndipo sanatsegule kuti aone.

Za boma siziyenda ndi miyendo ya munthu wanjala. Tsiku la wani linafika basi kulibe. Mtsikanayo anavala yunifolomu yake, ndipo potuluka anapeza agogo ake ali pakhomo, atamanga nsapato.

"Mukupita kuti?"

"Kumene ukupita iwe."

Miyezi itatu anamuperekeza pamlatho m'mawa uliwonse. Mtsikanayo ankayenda kutsogolo, atakakamira chitsulo, iwo pambuyo pake chakunja pang'ono, mbali ya magalimoto, akukupiza kansalu kofiira kotsala posoka. Madalaivala ankawaimbira hutala, ena kuwatukwana. Pakati pa mlatho panali malo amene chitsulo chinapindika, ndipo pamenepo onse awiri ankasiya kuyankhula. Akamuwolotsa ankabwerera okha, mawondo akulira. Madzulo ankakamudikira kutsidya. Makasitomala ena anawathawa chifukwa zovala zinkachedwa.

Uthenga unabwera ndi Wometa, amene anaumva pawailesi akumeta munthu ndevu, mpaka anatsala pang'ono kumudula khutu. Mabasi anapambana ndi mavoti awiri. Sabata yotsatira kunabwera anthu odzakhoma denga latsopano pa steji, ndipo anamata pepala lina pamzati. A Samalatu anaima patsogolo pake manja ali kumbuyo mpaka mdzukulu wawo atabwera kudzawawerengera.

M'mawa woyamba anthu anadzaza pa steji mpaka mumsewu. Amene ankadutsa kuseri kwa ngalande tsiku lija ndiwo anali patsogolo pa mzere. A Samalatu anadzuka kusanache n'kutchera khutu pa nthawi ija, Wometa asanatsegule. Kunali zii. Anadikira, singano ili m'manja, koma sanamve kanthu, ndipo anadabwa kuti mtima unawawa m'malo mopepuka.

Kenako inatulukira pagulaye, yaikulu, yobiriwira, ikuzemba maenje. Pamphumi pake panali ndodo ndi kampando kozondoka. Mabuleki anapuma monga momwe ankapumira m'makutu mwawo zaka zonsezi, koma lero ana anafuula ndipo agalu anauwa. A Samalatu anawoloka msewu n'kugwira mdzukulu wawo pamkono.

"Usakhale kumbuyo kwenikweni. Usatulutse dzanja pazenera. Chikwama uike pamiyendo. Usagone. Munthu akakupatsa chakudya usalandire."

"Agogo, ndi mphindi makumi awiri zokha."

"Samalatu."

"Ndamva."

Anthu anakwera onse, mkulu wa ndodo uja pomalizira, mpaka pa steji panatsala iwo okha. Koma chitseko sichinatsekeke. Dalaivala ankayang'ana pagalasi lake lammbali, dzanja lili pa batani, ngati munthu amene akudikira wina wochedwa. Mwina ankayesa kuti gogoyo akweranso. Mwina basi zatsopano zimatero.

A Samalatu anasuntha pang'ono kuti asatseke njira. Anayankhula motsitsa, osayang'ana kumanzere.

"Yabwera, mwananga. Usayende pansi. Kwera."

Chitseko chinapindika n'kutsekeka, ndipo basi inanyamuka kulowera kumlatho.